Ngalawa yobooledwa: Carl Jung, Khidr ndi maloto athu

Swala ya Fajr ikatha, anthu akamabalalika, ena kulowera kudoko ena kumunda, kawirikawiri pamakhala mmodzi amene amatsalira pakhonde la mzikiti. Amadikira kuti anzake atalikire, kenaka amasendera pafupi n'kunena chapansipansi kuti, "Shehe, ndalota." Ife amene takhala zaka zambiri tikuphunzitsa ana kumadrasa ndi kusekondale, mawu amenewa tawamva kosawerengeka. Tsiku lina malotowo amakhala okoma, oti munthu waona Kaaba kapena waona malemu mayi ake atavala zoyera. Koma tsiku lina wolotayo amabwera atamasulira kale yekha. Mwana wake wakhala akudwala mwezi wathunthu, ndipo usiku waona azakhali ake ataima pakhomo osayankhula kanthu. Zimene akufuna kwa ife ndi chidindo chabe, kuti akachite zimene mtima wake wagamula kale.

Nkhani ya maloto ndi masomphenya yapasulapo mabanja, yathamangitsapo nkhalamba m'midzi imene zidabadwira, ndipo yachedwetsapo odwala kupita kuchipatala. Lero, abale ndi alongo athu, tikufuna tiiunike kudzera m'moyo wa dokotala wina wa ku Ulaya, Carl Gustav Jung. Munthuyu sadali Msilamu, koma adathera moyo wake akufufuza zimene zili pansi pa mtima wa munthu. Iye mwini adaona masomphenya oopsa, ndipo adawerenga Sura ya Al-Kahf mwachidwi mpaka kuilembera nkhani. Pali zimene adaona molondola, palinso pamene adaphonya njira, ndipo ponse pawiri pali phunziro kwa ife.

Dokotala amene adaopa kuti wapenga

Jung adabadwa m'chaka cha 1875 m'mudzi wa Kesswil, m'mphepete mwa nyanja ya Constance, m'dziko la Switzerland. Bambo ake adali m'busa wa mpingo wa Chikhristu. Atamaliza maphunziro a udokotala ku Basel, m'chaka cha 1900 adayamba ntchito pachipatala cha odwala matenda a maganizo cha Burghölzli mumzinda wa Zurich. Masiku amenewo madokotala ambiri ankangopatsa matenda dzina n'kumusunga wodwalayo m'chipatala, ndipo zimene wodwalayo akuyankhula ankaziyesa phokoso. Jung adayamba kumvetsera. Adazindikira kuti ngakhale m'mawu osokonekera a wodwala mumakhala mbiri ya moyo wake, chisoni chimene sadachilire, kapena mantha amene sadauzepo munthu.

Ku Vienna kudali dokotala wina wamkulu msinkhu kuposa iye, Sigmund Freud, amene buku lake lonena za kumasulira maloto lidatuluka kumapeto kwa chaka cha 1899. Freud ankaphunzitsa kuti maganizo amene munthu amawadziwa ndi kagawo kochepa chabe, ndipo pansi pake pali gawo lalikulu lobisika limene limayendetsa zochita zake mwini wake osadziwa. Ife a kunyanja fanizo lake sitivutika nalo: msodzi amaona mafunde pamwamba, koma chimene chimakoka ukonde wake usiku ndi kuyenda kwa madzi a pansi kumene maso sakuona. Maphunziro ofufuza gawo lobisikali ndiwo amatchedwa sayikoloje ya zakuya. Madokotala awiriwa adakumana m'chaka cha 1907, ndipo pa tsiku loyambalo adacheza maola 13. Pofika 1913 ubwenzi wawo udatha. Freud ankati pansi pa mtima pali makamaka zilakolako za thupi zimene munthu adazikankhira m'kati, ndipo chipembedzo ankachiyesa chinthu chimene anthu amangodzitonthoza nacho. Jung ankati pansipo palinso njala ya uzimu, komanso zithunzi zakalekale zimene zimaoneka m'maloto ndi m'nthano za anthu a mitundu yonse.

Mu October 1913, ali paulendo m'sitima ya pamtunda, Jung adaona masomphenya ali maso. Adaona chigumula chachikulu chikumiza maiko a kumpoto kwa Ulaya, kuchokera ku North Sea kufikira kumapiri a Alps, mafunde achikasu atanyamula zigumukire za nyumba ndi mitembo yosawerengeka, kenaka madzi onsewo adasanduka magazi. Patapita masabata awiri adaonanso zomwezo. Pokhala dokotala wa matenda a maganizo, adadziyeza yekha n'kuganiza kuti misala yayamba kumugwira. Mu August 1914 nkhondo yoyamba yapadziko lonse idabuka. Akuluakulu athu adati wamisala adaona nkhondo, ndipo Jung naye adatsimikiza mumtima kuti zimene adaonazo zidali zokhudza Ulaya yense.

M'zaka zimenezo adayamba kudzilowetsa dala m'masomphenya. Madzulo ankakhala yekha m'chipinda chake n'kulola zithunzi za mumtima kuti zibwere, ndipo ankayankhulana nazo ngati anthu. Padali nkhalamba ina yamapiko imene adaitcha Philemon, imene ankaiyesa mphunzitsi wake. Zonsezi adazilemba ndi kuzijambula m'buku lalikulu lachikuto chofiira kufikira cha m'ma 1930. Bukulo a pabanja lake adalisunga osalionetsa anthu, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 2009, patapita zaka 48 iye atamwalira. Chinthu chimodzi chimene adachivomereza yekha tichisunge bwino: adati chimene chidamuteteza kuti asamire ndi banja lake ndi ntchito yake. Ankadzikumbutsa kuti ali ndi mkazi ndi ana asanu, ali ndi odwala omudikira m'mawa, ali ndi nyumba ku Küsnacht. Wolowa m'madzi akuya amafunika chingwe chomangidwa kumtunda.

Chithunzithunzi chimene timachikana

Pa zonse zimene Jung adaphunzitsa, chothandiza kwambiri m'mabanja athu ndi chimene adachitcha chithunzithunzi cha munthu. Aliyense ali ndi mbali ya khalidwe lake imene safuna kuivomereza: kaduka, umbombo, chilakolako, mtima wofuna kubwezera. Akaikana, mbaliyo sichoka. Imabisala, kenaka mwini wake amayamba kuiona mwa anthu ena. Wansanje amaona ngati mudzi wonse ukumuchitira nsanje. Amene ali pa chidani ndi m'bale wake chifukwa cha munda kapena ukonde wamasiye amalota m'baleyo akumuthamangitsa ndi mpeni, n'kudzuka akunena kuti akufuna kuphedwa, pamene mpeniwo uli mumtima mwake momwe.

Msilamu wophunzira sangadabwe nazo izi. Qur'an yolemekezeka imatchula nafsi yolamula zoipa m'Sura ya Yusuf, nafsi yodzidzudzula m'Sura ya Al-Qiyamah, ndi nafsi yokhazikika m'Sura ya Al-Fajr. Imam Al-Ghazali, amene adabadwa ku Tus m'chaka cha 1058 n'kumwalira mu 1111, zaka zoposa 700 Jung asadabadwe, adafotokoza m'buku lake la Ihya Ulum al-Din kuti m'chikopa cha munthu mmodzi muli ngati mwasonkhana galu, nkhumba, satana ndi munthu wanzeru. Galu ndiye mkwiyo, nkhumba ndiyo chilakolako, satana ndiye amasonkhezera ziwirizo, ndipo wanzeruyo ndi luntha limene lapatsidwa ntchito yoziweta.

Imamuyu sadalembe zongomva. M'chaka cha 1095, ali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, ali ndi ophunzira pafupifupi 300, lilime lake lidamangika moti sadathenso kuphunzitsa, chakudya chidakana kutsika, ndipo madokotala adati nthendayo yachokera mumtima. Atadzifufuza adapeza kuti chimene chinkamuyendetsa pa uphunzitsi wake chidali kufuna ulemu ndi kutchuka. Adasiya udindowo n'kupita ku Damascus ndi ku Jerusalem, kumene adakhala kwayekha akuyeretsa mtima wake. Munthu amene Baghdad yonse inkamulemekeza adakumana ndi chithunzithunzi chake, ndipo adalimba mtima kuchitchula dzina.

Tisaiwale kuti kuphunzitsa za chithunzithunzi sikumuchotsera munthu chithunzithunzi chake. Jung yemweyo, m'chaka cha 1934, chipani cha Nazi chitangotenga kumene ulamuliro ku Germany, adalemba mawu osiyanitsa kaganizidwe ka Ayuda ndi ka Ajeremani amene akumudzudzula nawo mpaka lero. Za anthu akuda a mu Africa adalembanso monyoza, ngati anthu otsalira m'maganizo. Timuwerenge tsono monga timadyera chambo, mnofu kukamwa, minga pambali.

Msomali wa paulendo wa ku Elgon

Kumapeto kwa chaka cha 1925 Jung adabwera kuno ku Africa. Adatsikira ku Mombasa, nadutsa ku Nairobi kupita kuphiri la Elgon, m'malire a Kenya ndi Uganda. Kapitawo wa anthu a paulendowo adali Msomali amene adaleredwa m'njira ya Masufi. Munthuyu adamuuza Jung za Khidr, kuti munthu angakumane naye panjira ngati munthu wamba, kapena kumuona usiku ngati kuwala koyera, ndipo adathothola kaudzu n'kunena kuti ngakhale m'kaudzu kotere angaonekere. Maulama amasiyana pa funso loti Khidr akadali moyo kapena adamwalira, ndipo mkangano umenewo sitiulowa pano. Chimene tikufuna ndi chakuti zimene Jung adamva paulendowo adazisunga, ndipo m'chaka cha 1939, pamsonkhano wa akatswiri wotchedwa Eranos ku Ascona, adakamba nkhani ya kusinthika kwa munthu m'kati mwake, natenga Sura 18 kukhala chitsanzo chake chachikulu.

Surayi ambiri a ife timaiwerenga Lachisanu lililonse, ndipo nkhani ya Mneneri Musa (Alaihi Salaam) ndi Khidr ili kuyambira ndime 60 mpaka 82. Hadith ya mu Sahih Al-Bukhari imatiuza chiyambi chake. Musa adafunsidwa kuti wodziwa kwambiri mwa anthu ndani, ndipo adadzitchula yekha, osabwezera kudziwako kwa Allah. Adauzidwa kuti pamalo pokumana nyanja ziwiri pali kapolo wa Allah wodziwa zimene iye sazidziwa. Adanyamuka ndi mnyamata wake atatenga nsomba m'dengu, ndipo pamene nsombayo idathawira m'madzi ndi pamene adamupeza. Khidr adamuchenjeza kuti sadzatha kupirira naye, ndipo adagwirizana kuti Musa asafunse kanthu kufikira atauzidwa.

Adakwera ngalawa ya anthu osauka amene adawanyamula ulere, ndipo Khidr adazula thabwa n'kuiboola. Ife amene timadziwa mtengo wa boti, timadziwanso kuchuluka kwa mabanja amene amadya kuchokera m'boti limodzi, tingamvetse chifukwa chake Musa adalephera kukhala chete. Kenaka adakumana ndi kamnyamata, ndipo Khidr adakapha. Pomaliza adafika m'mudzi wa anthu ouma mtima amene adawamana chakudya, ndipo Khidr adawakonzera khoma lofuna kugwa popanda kulipiritsa. Ochita zabwino awonongeredwa chuma, mwana wafa, ouma mtima alandira ntchito yaulere. Ndani mwa ife amene sadaonepo dziko likuyenda chonchi?

Pa nthawi yosiyana Khidr adamasulira. Kutsogolo kudali mfumu yolanda ngalawa iliyonse yabwino, ndipo chilema chija ndicho chidaipulumutsa. Mnyamata uja akadadzawalemetsa makolo ake okhulupirira ndi kupanduka ndi ukafiri, ndipo Allah adafuna kuwapatsa wina wabwino m'malo mwake. Pansi pa khoma padali chuma cha ana awiri amasiye amene bambo awo adali wolungama. Ndipo Khidr adatsindika kuti sadachite zonsezi mwa nzeru zake.

Jung adaimva nkhaniyi mwa njira yake. Kwa iye Musa akuimira nzeru za munthu za tsiku ndi tsiku, pamene Khidr akuimira umunthu wathunthu wobisika m'kati mwa munthu, umene umamutsogolera kudzera m'zokhoma zimene iye sazimvetsa. Chinthu chimodzi adachiona bwino: nzeru zathu zimathamangira kugamula mlandu zitangomva kagawo ka nkhani. Koma adamutenga kapolo wa Allah wotumidwa ndi Mbuye wake n'kumusandutsa gawo la mtima wa munthu, ndipo apa ndi pamene njira yake ndi yathu zimayamba kusiyana.

Kodi mdimawo uli mwa ndani?

Funso la choipa lidamuvutitsa Jung moyo wake wonse. Adaona nkhondo zikuluzikulu ziwiri, kuphedwa kwa Ayuda okwana 6 miliyoni, ndi mabomba a atomiki amene adagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945. M'chaka cha 1916 adali atalemba kale kabuku kotchula mulungu wina, Abraxas, amene mwa iye zabwino ndi zoipa zaphatikizana. Mu 1952 adatulutsa buku lotchedwa Answer to Job, lonena za Mneneri Ayyub (Alaihi Salaam) monga momwe Baibulo limafotokozera nkhani yake. M'menemo adati Mulungu wa m'nkhaniyo ali ndi mbali yamdima imene saizindikira, ndipo kuti munthu wozunzikayo adamuposa Mlengi wake pa chilungamo. Allah atalikirane nazo zoterezi. Jung ankadziteteza ponena kuti akukamba za chithunzi cha Mulungu chimene chili m'maganizo a anthu. Komabe bukulo lidasokoneza ubwenzi wake ndi wansembe wa Chikatolika, Victor White, amene adagwira naye ntchito zaka zingapo.

Yankho lake tikulikana, koma funso lake sitilinyoza. Mayi amene adaika m'manda mwana wake wopemphera atamira ndi mwera, pamene chidakwa cha m'boti lomwelo chidapulumuka, amalidziwa funsoli kuposa Jung. Amene adataya abale ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 amalidziwanso. Chisilamu sichibisa kuti dziko lili ndi zowawa. Mwa nsanamira za chikhulupiriro chathu muli kuvomereza chikhonzero cha Allah, chokoma chake ndi chowawa chake. Sitikhulupirira milungu iwiri, wina wa kuwala wina wa mdima, ndipo sitikhulupiriranso Mulungu wogawanika m'kati mwake.

Jung adaona kusokonekera kwa dziko n'kukuika mwa Mlengi. Sura ya Al-Kahf imakuika m'kuchepa kwa maso a woonayo. Musa adaona thabwa lozulidwa, koma mfumu yolanda ngalawa sadaione. Taganizirani eni ngalawa aja madzulo a tsiku limenelo, akukapa madzi ndi kusaka thabwa lina. Qur'an sitiuza kuti iwo adafotokozeredwa chifukwa chake. Makolo a mnyamata uja adalira maliro enieni, ndipo sitiuzidwa kuti Khidr adabwerera kukawamasulira. Musa yekha ndiye adamva tanthauzo. Ambiri a ife tili m'malo mwa eni ngalawa ndi makolo aja, amene amasenza bala lawo popanda kulidziwa tanthauzo mpaka tsiku lokumana ndi Mbuye wawo. Kupirira kumene timaphunzitsidwa ndi kumeneku, kukhala ndi funso losayankhidwa popanda kumunamizira Allah, ndiponso popanda kumunamizira mnansi.

Kupirira kotere sikuletsa misozi. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu Alaihi Wasallam) adakhetsa misozi mwana wake Ibrahim akumwalira. Mneneri Ayyub, m'Sura ya Al-Anbiya, adatchula masautso ake mosabisa, ndipo m'duwa yomweyo adatchulanso chifundo cha Allah. Maulama a tafsiri adaonanso ulemu m'kayankhulidwe ka Khidr: pofotokoza za kuboola ngalawa, chifunirocho adachiloza kwa iye mwini, koma pofotokoza za kusungidwa kwa chuma cha amasiye adachiloza kwa Mbuye.

Pali mfundo ina imene anthu amaiphonya. Malinga ndi zimene adaona, Musa adali ndi chifukwa chodzudzulira, pakuti malamulo amene adapatsidwa amaletsa kuononga chuma ndi kupha. Nkhaniyi sikupereka chilolezo choti munthu aboole ngalawa ya mnzake n'kunena kuti ali ndi nzeru zobisika. Khidr adachita mwa lamulo lochokera kwa Allah, ndipo khomo la chivumbulutso lidatsekeka ndi Mtumiki womaliza. Ife tatsala ndi ntchito ya Musa, kugamula ndi zooneka, ndi umboni, ndi Shariya.

Muyeso wa maloto ndi masomphenya

Chisilamu sichinyoza maloto. Hadith za mu Bukhari ndi Muslim zimatiphunzitsa kuti maloto abwino ndi gawo limodzi mwa magawo 46 a uneneri, ndiponso kuti maloto ali mitundu itatu: nkhani yabwino yochokera kwa Allah, zoopseza ndi zokhumudwitsa zochokera kwa satana, ndi zimene mtima umadzikambira wokha. Mtundu wachitatuwu ndiwo munda umene Freud ndi Jung adalimamo, ndipo zambiri zimene adapeza n'zothandiza pa mtundu umenewu. Wogona ndi njala amalota nsima, wogona ndi ngongole amalota akuthamangitsidwa, wogona ndi chidani amalota mdani wake. Pa maloto oipa malangizo ndi omveka: kulavulira pang'ono kumanzere katatu, kupempha chitetezo kwa Allah, kutembenukira mbali ina, ndi kusawafotokozera munthu. Malangizo omalizawa akadatsatidwa, milandu yambiri ya m'midzi mwathu sikadabadwa.

Kumasulira maloto nako kumafuna kumudziwa wolotayo. Za Muhammad ibn Sirin, wophunzira wa ku Basra amene adamwalira m'chaka cha 110 cha Hijra, kumasimbidwa kuti anthu awiri adamufikira, aliyense atalota akuchita azana. Woyamba adamuuza kuti adzapita ku Hajj, wachiwiri adamuuza kuti adzagwidwa ndi mlandu wa kuba, chifukwa adaona kusiyana kwa makhalidwe awo. Jung naye ankakana kumasulira maloto a munthu amene sakudziwa mbiri yake. Choncho timabuku tonena kuti njoka ndi mdani, madzi ndi chuma, tisatiyese chiweruzo. Ngakhale buku lotchuka limene limadziwika ndi dzina la Ibn Sirin, ofufuza amati lidasonkhanitsidwa ndi anthu a m'mbuyo mwake.

Nanga masomphenya owala ndi okoma, tiwayese ndi chiyani? Za Shehe Abdul Qadir Al-Jilani, amene adamwalira ku Baghdad m'chaka cha 1166 ndipo dzina lake timalidziwa bwino kuno kudzera mu Qadiriyya, kumasimbidwa kuti tsiku lina ali kuchipululu adaona kuwala kwakukulu, ndipo adamva mawu odzitcha Mbuye wake akumuuza kuti zoletsedwa zonse zaloledwa kwa iye. Shehe adapempha chitetezo kwa Allah n'kumuthamangitsa woyankhulayo, ndipo kuwalako kudasanduka mdima. Atafunsidwa kuti adadziwa bwanji kuti adali satana, adati adadziwira pa kuloleza zinthu za haramu. Apa ndi pamene Jung adasowa muyeso. Iye ankamvetsera mawu a pansi pa mtima n'kuwayesa ndi mtima womwewo, pamene Shehe adali ndi sikelo yoima kunja kwa iye mwini.

Imam Ash-Shatibi wa ku Granada, amene adamwalira mu 1388, adatsindika kuti maloto a munthu amene si mneneri sakhazikitsa lamulo. Adasimba nkhani ya woweruza Sharik ibn Abdullah, amene Khalifa Al-Mahdi adafuna kumupha chifukwa adamulota akumufulatira, ndipo womasulira wina adati zimenezo zikusonyeza kusakhulupirika. Sharik adamukumbutsa Khalifa kuti maloto ake si a Mneneri Ibrahim, womasulira wake si Mneneri Yusuf, ndipo magazi a munthu sakhetsedwa chifukwa cha maloto. Khalifa adachita manyazi n'kumusiya.

Pakhomo pathu

Mu January 2016, m'boma la Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Imfa ya mtsikanayo idali yowawa ndi yosamvetseka, ndipo anthu adalephera kukhala ndi funso lopanda yankho. Adafuna nkhope yoti aikepo mdimawo, naipeza mwa ofooka. Madzi akatayika saoleka. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la m'chaka cha 1911, limaletsa kumuloza munthu kuti ndi mfiti, ndipo Shariya imafuna umboni pa mlandu uliwonse. Sitikukana kuti sihiri imatchulidwa m'Qur'an. Tikunena kuti maloto si mboni, ndipo kumuganizira mnzako zoipa popanda umboni ndi tchimo.

Palinso masomphenya amene ali matenda. Wachibale akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhala masiku angapo osagona, kuleka kudya ndi kusamba, kuganiza kuti aliyense akumupangira chiwembu, kapena kukamba zodzipha, tisataye miyezi tikusaka amene wamulodza. Malungo ofika kuubongo, khunyu, chamba ndi mowa zimatha kumuonetsa munthu zinthu zimene palibe. Muwerengereni Qur'an, mupempherereni, ndipo mutengereni kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Kukafunika, adzamutumiza kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Izi si zachilendo m'Chisilamu. Abu Zayd Al-Balkhi, amene adamwalira m'chaka cha 934, adalemba buku la Masalih al-Abdan wa al-Anfus, momwe adafotokoza za mantha, mkwiyo, chisoni ndi manong'onong'o a mumtima monga matenda ofunika chithandizo, ndipo adasiyanitsa chisoni chokhala ndi chifukwa chodziwika ndi chisoni chochokera m'thupi chofuna mankhwala.

Nanga m'bale wathu uja wa pakhonde la mzikiti timamuyankha chiyani? Timayamba ndi kumufunsa za mwanayo, ngati adapimidwa magazi ndiponso ngati mankhwala akumwa. Kenaka timamufunsa kuti pakati pa iye ndi azakhali akewo padadutsa chiyani malotowo asadabwere. Nthawi zambiri pamakhala chete kwa kanthawi, kenaka imatuluka nkhani ya munda, ya ngongole, kapena ya mawu amene adayankhulidwa pamaliro zaka zapitazo. Pomaliza timamufunsa kuti malotowo akumukankhira kuti. Ngati akumukankhira ku swala, ku sadaka, ku kupepesa ndi kulumikiza chibale, awasunge ndi kuthokoza Allah. Ngati akumukankhira ku kudula chibale ndi kunyoza nkhalamba, adziwe gwero lake, achite zimene Shehe Abdul Qadir adachita.

Ena amachoka atakhumudwa nafe chifukwa chidindo chija sitidawapatse. Ena amabwerera patapita masiku kudzatiuza kuti adapita kwa azakhali aja atanyamula usipa pang'ono, nakhala nawo pamphasa mpaka dzuwa kupendeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachisanu likudzali, tikamawerenga Al-Kahf, tikafika pa ngalawa ija tiime pang'ono, tikumbukire eni ake amene sadauzidwe kanthu, ndipo timupemphe Allah kuti atipatse kupirira kwawo, atiteteze ku zoipa za mitima yathu, ndipo asatilole kusenzetsa osalakwa katundu wa zimene sitikuzimvetsa. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.